Ngalande ya M'dimba la Esinati

Pakakhadi komwe ndinkapachika pachifuwa panalembedwa kuti ndine injiniya woyendayenda. Mawuwo ndinkawakonda, ndisaname. Koma ntchito yake inali yotsegula mapaipi a zonyansa akatsekeka m'mahotela, m'malesitilanti, m'masitolo akuluakulu ndi m'malo ophera ng'ombe. Anthu akadya n'kukhuta, zotsala zawo n'kukana kuyenda, ndiye ankatiimbira foni ife. Uinjiniya wanga unali umenewo, ndipo ndinaugwira ku Joni zaka khumi ndi zitatu.

Kwathu ndi ku Dambe, ku Mchinji. Tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga Esinati. Mayi pomwalira anasiya dimba kudambo, ndipo mwa mwambo wathu dimbalo linali la Esinati ndi ana ake. Ine changa chinali udindo: mwini mbumba, malume woonetsetsa kuti ana a mlongo wake akudya, ndipo akakula n'kupeza banja pali munthu wowaimira. Udindo umenewu ndi umene unandichotsa pamudzi, ndi womwewonso unandidya mtima zaka zonsezo, chifukwa mbumba siyang'aniridwa pakalata.

Ndinachoka matipate atangolowa, nditatopa ndi kusoka fodya wa eni ku esiteti. Esinati anandiperekeza mpaka pamsewu atagwira dzanja Tadala, mwana wake woyamba, yemwe anali asanayambe n'komwe sukulu.

"Achimwene, musakakhalitse," anatero. "Ana awa malume wawo ndinu nokha."

"Zaka ziwiri basi," ndinamuyankha, ndipo ndinkakhulupiriradi zomwe ndinkanenazo.

Ntchito anandipezera a Tembo, bambo wachikulire wa ku Chipata. Anandimva ndikutukwana m'Chichewa pasiteji ya minibasi, kondakitala atanditsitsa pamalo olakwika.

"Imwe, ndimwe a kuti?"

"Ku Mchinji."

"Manje ndimwe a kwathu chabe. Malile aja anaika ni azungu. Mumaopa kununkha?"

Ndinawauza kuti sindiopa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kuseka osatsegula pakamwa.

Mwini kampaniyo tinkamutcha Mafoni, chifukwa nkhope yake tinkaiona mwa apo ndi apo koma mawu ake sankatisiya. Anatipatsa kagalimoto kamodzi, ndodo zachitsulo zolumikiza zotokosera m'mapaipi, makina opopa madzi mwamphamvu omwe tinkati jeta, ndi kachipinda kamalata kuseri kwa yadi ya kampani. Kachipindako tinkagonamo masiku owerengeka. Nthawi zambiri tinali pamsewu: lero tauni ya migodi, mawa hotela ya kumalo osungira nyama, mkuja fakitale ya nkhuku. Dziko la eni ndinaliyenda ndithu, kungoti ndinaliona chakuseri, komwe kumakhala migolo ya zinyalala.

Tsiku loyamba a Tembo anavundukula thanki yotchera mafuta kuseri kwa lesitilanti ina. Ndinasanza mpaka m'mimba munatsala mphepo yokha. Iwo anangodikira, akusuta.

"Zakuchimbudzi sizivuta, mwana," anandiuza nditatha. "Zija zimayenda. Oipa ni mafuta. Akazizila m'paipi amauma monga sopo, manzi yaima, basi zonse zaonongeka."

Phunziro lake linali limenelo, ndipo ndinalimva tsiku ndi tsiku mpaka linandilowa m'magazi. Madzi sayenera kuima. Ukapeza madzi ataima, pena pake patsekeka, ndipo ntchito yako ndi kupeza potsekekapo n'kutsegula. Mafoni ankakuwa zomwezo pafoni, a Tembo ankanena zomwezo mofatsa. Anandiphunzitsa kuika levulo, kachida koonera kupendekeka, papaipi, kuyeza kutsetsereka kwake ndi chingwe, ndi kugunditsa khutu pachivundikiro n'kudziwa ngati pansipo zikuyenda kapena ayi. Pofika chaka chachinayi ndinkatha kungoyang'ana bwalo la hotela n'kuloza pomwe paipi yakhotera. Ntchito ndinaidziwa, zimenezo palibe angandilande.

Chomwe sindinazolowere ndi maso a anthu. Ankatiitana okha, mwachangu, ena akuchita kulira pafoni, koma tikafika ankatilozera khomo lakuseri ngati tabweretsa ndife fungolo. Pahotela ina tinagwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zonyansa zikutifika m'maondo. Nditapempha madzi akumwa, mayi woyang'anira khitchini anatipatsa m'kapu yachitsulo. Titamwa anaigwira ndi kapepala n'kuiponya mumgolo wa zinyalala, ife tikuona. A Tembo anangopita pamgolopo, n'kuitola, n'kuipukuta paovolosi.

"Zikomo, madamu," anatero. "Tinalibe kapu ise."

Tinamwera kapu imeneyo zaka zambiri, ndipo nthawi zonse a Tembo ankaitcha mphatso ya madamu. Ine sindinkaseka nawo. Mpaka lero ndikakumbukira mmene mayi uja anagwirira kapepala kaja, chakudya chimandikanika.

Panali tsiku lina kumalo ophera ng'ombe lomwe ndikanatsala. Ndinatsikira m'maniholo, dzenje lija lolowera kumapaipi apansi. Kachida koyezera mpweya woipa kanali katafa kalekale, ndipo Mafoni ankangoti akonzetsa sabata yamawa. Ndikukumbukira kuti fungo linangosiya kumveka, ine n'kuganiza kuti zayamba kuyenda bwino. Kenako ndinadzidzimuka ndili chagada pasimenti, a Tembo akundimenya makofi, m'manja mwawo muli magazi chifukwa cha chingwe chomwe anandikokera. Munthu wamkulu ngati uja anandikoka yekha. Titamuimbira Mafoni, funso lake loyamba linali lakuti kodi paipiyo tatsegula.

Kumudzi ndinkatumiza zomwe ndikanatha kudzera kwa amatransipota: mabulangete, nsapato za ana, njinga, kenako malata. Kupita ndekha sindikanatha. Mapepala anga sanali olongosoka, ndipo ndikanadutsa malire sindikanabwereranso. Choncho zaka ziwiri zija zinabala zinzake. Makalata a Esinati ankabwera ndi nkhani zomwe zinkafunika ine. Mwana wadwala, ndani aperekeze kuchipatala. Anthu a munda woyandikana alowerera malire, ndani akalankhule. Mayi aang'ono amwalira, ndani aimire banja pamaliro. Ndipo yankho linkakhala m'kalata momwemo: apita a Yohane, alankhula a Yohane. A Yohane ndi mwana wa mayi aang'onowo, mbale wathu ndithu, munthu wosalakwa kanthu. Koma dzina lawo ndinafika podana nalo.

Chaka cha njala yaikulu chija Esinati analemba kuti kumunda sanakolole kanthu, ndipo chawapulumutsa ndi dimba: chimanga chachiwisi, maungu, mbatata, masamba. Anthu ankabwera kudzapempha ngakhale makoko a nthochi. Kalata imeneyo ndinaiwerenga, koma mutu wanga unagwira mzere wina womwe unkabwera chaka chilichonse nthawi ya dzinja: kumunsi kwa dimba madzi aimanso, chimanga chafiira, sitikololako kanthu. Madzi aima. Kwa munthu ngati ine mawu amenewo anali ngati kundiitana ndi dzina.

Lamulungu lina masana, tili payadi tikuchapa maovolosi, ndinatenga pepala la ntchito n'kujambula dimba lathu kuseri kwake. A Tembo anabwera kudzasuzumira.

"Manzi yachokela kuti?"

Ndinawalozera kumtunda kwa dambo.

"Yatulukila kuti?"

"Satuluka. Kumunsi kuno kuli chimtumbira chachitali chadothi, chomera bango. Kuseri kwake ndiye kuli khwawa."

"Ndiye potsekeka ni pamene apo," anatero akugogoda pepalalo ndi chala. "Mudule apo, mukumbe ngalande imozi pakati, twina tung'ono m'mbali. Sabata zitatu chabe, dimba yonse yauma bwino."

Tinaseka makolo athu kuti anakhala zaka zonsezo ndi vuto loti munthu atha kulithetsa ndi khasu. Taganizani, amuna awiri obadwira m'mphepete mwa madambo, oti tinakula tikutunga madzi m'zitsime za m'dimba mwezi wa Okutobala, panalibe mmodzi yemwe anafunsa kuti chimtumbiracho anachiika ndani, ndipo anachiikiranji. Mapaipi a eni anali atatiphunzitsa kuona madzi ngati mdani. Pepala limenelo ndinalisunga m'Baibulo, ndipo ndikatopa ndi kunyozedwa ndinkalitulutsa n'kumaliyang'ana. Ndinkati tsiku lina ndidzaonetsa mbumba yanga kuti zaka zimenezi sizinapite pachabe.

A Tembo chifuwa chinawagwira pang'onopang'ono. Anayamba kupumira pakati pa makwerero, kenako kulephera kunyamula chivundikiro. Mafoni anabwera yekha ulendo umenewo, anawagwira chanza, n'kuwauza kuti akapume kwawo. Zaka zoposa makumi awiri za m'maenje zinathera pachanza chimenecho. Ndikuwaperekeza kubasi, a Tembo anandipatsa levulo yawo.

"Mukakonze dimba ija, a Malawi," anatero. "Osachedwa monga ine."

Sindinawaonenso. Uthenga wa maliro awo unandipeza patapita miyezi, kudzera kwa dalaivala wa thiraki.

Nditatsala ndekha ndinapirira zaka zina ziwiri, mpaka nthawi ija eni dziko anayamba kusaka alendo m'makomboni. Anthu omwe ndinkawatsegulira zimbudzi anayamba kufunsana kuti amene uja ndi wa kuti. Sindinadikire kuti andiyankhire. Ndinanyamula chikwama chimodzi, levulo ndi chingwe, n'kukwera basi.

Kumudzi anandilandira bwino, sindingawanamizire. Nkhuku inafa. Koma Esinati yemwe ndinamusiya ali mtsikana anali mayi wa ana asanu, wouma manja, wolankhula mawu ochepa. Tadala anali namwali wamkulu, ndipo mnyamata wina wa ku Kapondo anali atayamba kale kutumiza mawu. Ana aang'onowo ankanditcha a ku Joni. Nkhani ikabuka pakhomo, maso onse ankapita kwa alamu anga a Lefani, amuna a Esinati, ndipo ikakula ankatuma mwana kukaitana a Yohane. Ine ankandiuza zitatha, mwaulemu, ngati mmene amauzira mlendo kuti madzi osamba aikidwa. Zinandipweteka kwambiri, kuposa kapu ya madamu ija.

Dimba ndinalipeza lobiriwira. Tomato, kabichi, mpiru, nzimbe, nthochi m'mbali. Zitsime zake zinali zoti umangowerama n'kutunga ndi ndowa. Zonsezo ndinaziona, koma ndinadutsa n'kukaima pachimtumbira chija.

Mvula itayandikira ndinawaitana Esinati ndi a Lefani n'kuyala pepala langa pamphasa. A Lefani anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anakanda kumutu.

"Alamu, ine sukulu ya zimenezi ndilibe. Koma chimtumbira chija ndimaona ngati akuluakulu anachisiya dala. Madzi amene amativuta dzinja aja, si omwewo timamwetsa mbewu chilimwe?"

Funso linali limenelo, lomwe ine ndi a Tembo sitinadzifunse. Likanachokera kwa munthu wina mwina ndikanalimva. Koma linachokera kwa mkamwini yemwe anali atakhala pampando wanga zaka khumi ndi zitatu.

"Alamu," ndinatero, "ine madzi ndagwira nawo ntchito m'mahotela oti inu simungalowemo. Ndipo dimba ili ndi la mbumba yanga. Inu munabwera kudzakwatira."

A Lefani anangoti, "Pepani, alamu," n'kuyang'ana pansi. Ndinatembenukira kwa Esinati. Anatokosa mphasa ndi kamtengo.

"Mwini mbumba ndinu, achimwene," anatero.

Ndinakumba sabata zitatu monga ananenera a Tembo. Ngalande yake inali yokongola, ndikunena pano ngakhale zinatha moipa. Yowongoka ngati yojambula ndi rula, yotsetsereka mwa muyeso, tingalande ting'onoting'ono tikulowamo m'mbali. Anthu ankabwera kudzaonerera levulo, n'kumafunsa kuti kadontho kali m'katiko kamadziwa bwanji. Tsiku lodula chimtumbira ndinapeza kuti m'kati mwake munali miyala yosanjidwa ndi manja ndi dongo lotsenderedwa. Ndinaima pang'ono. Kenako ndinaitana anyamata awiri kuti andithandize kuichotsa.

Dzinja limenelo ndinali mfumu ya madzi. Mvula ikagwa, pofika masana dimba lonse linali litayera, madzi akuthamangira kukhwawa. Kumunsi kuja, komwe sikunaberekepo chiyambire, chimanga chinaima chobiriwira mpaka kubereka awiriawiri. Amuna ankandiimitsa panjira, ena n'kumati ndikawaonereko madimba awo. Mkulu wina kutchalitchi anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindinakhumudwe n'komwe kuti wanditcha mlendo. Ana anayamba kunditi malume. A Yohane anabwera okha kudzandiuza kuti nkhani ya Tadala yapsa, chinkhoswe chidzakhala mu Okutobala tomato akagulitsidwa, ndipo ankhoswe a kuchikazi ndidzakhala ine. Tsiku limenelo ndinayenda mudzi wonse popanda komwe ndinkapita.

Ndinaona ndithu kuti podulidwa paja pakukula. Madzi ankadya m'mbali, ngalande ikuzama yokha, ndipo omwe ankatuluka anali akuda bii ndi dothi la m'dimba. Ndinati ndidzaikapo miyala mvula ikatha.

Mu Julaye zitsime zinatsika mpaka ndowa inafuna chingwe. Mu Ogasiti chingwe chinafuna kulumikiza. Pofika Seputembala pansi pake panali matope ong'ambika, achule atathawa. Tinakumba zitsime zina, tinapeza dothi louma lokhalokha. Tomato anafota ali ndi maluwa. Kabichi anakana kukulunga, nzimbe zinauma nsonga, ndipo dimba la mayi wina wamasiye loyandikana ndi lathu linayambanso kuuma. Esinati ndi Tadala ankasenza madzi kuchokera kumjigo wa kusukulu, mtunda woti popita ndi pobwera dzuwa lasuntha, kuti apulumutse mizere iwiri yokha. Namwali woyembekezera chinkhoswe khosi linatupa ndi ndowa. Palibe anandinena. Ndikafika pagulu nkhani inkangosintha, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

Ndinabwereka wilibala n'kuyamba kukwirira ngalande yanga. Pomwe ndinadula ndi khasu tsiku lija panali patasanduka chigwembe choti munthu wamkulu amaimamo osaoneka. Tsiku lachitatu a Lefani anabwera ndi fosholo yawo, n'kuyamba kuthira dothi pambali panga. Tinagwira mpaka thukuta linatilowa m'maso.

"Alamu," ndinawafunsa, "tikatseka, madzi abwerera?"

"Abwerera, koma osati chaka chino. Mwina ana awa adzaona. Dothi lakuda lija ndiye lapita."

Munthu amene ndinamuuza kuti anangobwera kudzakwatira anandithandiza sabata yonse.

Lachinayi la sabata ya chinkhoswe, Esinati anandipeza ndili ndekha m'chigwembemo. Anakhala pamphepete, miyendo ili lende, n'kumayang'ana mizere ya tomato youma ija.

"Achimwene, Loweruka mubwere. Mpando wanu ukhalapo."

"Ndibwere bwanji ngati woitanidwa? Si ndine ndikalankhule?"

"Akalankhula a Yohane. Takambirana."

Ndinaika fosholo pansi. Ndinamuuza kuti Tadala malume wake ndine, kuti ndinalowa m'maenje a zonyansa chifukwa cha ana akewo, kuti ndinatsala pang'ono kufera m'menemo, kuti ndinalakwitsa inde koma ndinkafuna kuthandiza. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Sanakweze mawu, ndipo sanalire.

"Zonsezo ndikudziwa, achimwene. Malata aja tikugonamo. Koma ankhoswe ndi munthu woti banja likagwedezeka amayamba wamvetsera. Mwana wanga sindingamupereke m'manja mwa munthu wosafunsa." Anaimirira n'kukutumula chitenje. "Muli ku Joni tinkakusowani tsiku lililonse. Koma tinkadya."

Loweruka ndinavala jekete n'kupita. Anandipatsa mpando wabwino, pamthunzi, pafupi ndi alendo ochokera ku Kapondo. A Yohane ataimirira kuti alandire mawu a kuchimuna, bambo wina wachikulire yemwe anakhala pambali panga anandiweramira n'kundifunsa mwaulemu kuti kodi ine ndine wa mbali iti.